Si kamwala kofiira kalikonse kamene kali ruby

Kuno ku Ntcheu munthu akangoona kamwala kofiira kophathima maganizo amathamangira ku Chimwadzulu, paja ruby ndi sapphire anazipeza pa phiri limeneli kalekale mu 1958. Koma abale anga okonda kutolera ndi kupolisha miyala, mtundu wokha musamaukhulupirire. Ruby wosapolisha amakhala ndi mbali 6, garnet amakhala wobulungira ngati nzama, koma zikangodutsa pa makina zonsezi zimafufutika, chotsala ndi kufiira basi, ndiye garnet, ruby ngakhale chidutswa cha botolo zimangooneka pachibale.

Yambani ndi tochi ya pafoni. Ikani mwala pamwamba pa kuwalako muuyang'anitsitse, ngati muli ndi kagalasi kokulitsa zinthu ndiye bwino kwambiri. Mukaona timathovu tozungulira ta mpweya mkati, kawirikawiri limenelo ndi galasi. Galasi limafundanso msanga mukaligunditsa patsaya pomwe quartz amakhalabe wozizira kanthawi. Tochi yomweyi imasiyanitsa agate ndi jasper: agate, ngati wa ku Ngabu uja, kuwala kumadutsa makamaka m'mphepete, jasper ayi, amatchinga.

Koma chimene ine ndimadalira kwambiri ndi sikelo ndi madzi, ndipo sindimvetsa chifukwa chake ambiri amaidumpha njira imeneyi chikhalirecho siwononga mwala ngakhale pang'ono. Pezani kasikelo kadijito kowerenga mpaka 0.01 ya galamu. Yezani mwala uli wouma, lembani. Kenako ikani kapu ya madzi pa sikelo, dinani batani ibwerere pa ziro, mangani mwala ndi ulusi wosokera ndipo muulowetse m'madzimo uli lende, umire wonse koma usakhudze pansi kapena m'mbali mwa kapu, dzanja lisanjenjemere, dikirani manambala akhazikike. Nambala yoyamba ija igaweni ndi yachiwiriyi, yankho lake limaonetsa kuti mwalawo ukulemera kangati poyerekeza ndi madzi a kukula komweko. Tinene kuti wouma unali 5.30, m'madzi sikelo yawerenga 2.00, yankho ndi 2.65, ameneyo ndi wa banja la quartz.

Apa ndi pamene miyala yofanana imaululika. Amethyst ndi fluorite onse amatha kukhala apepo, koma amethyst ndi 2.65 pomwe fluorite amafika cha mu 3.2. Aquamarine, ngati wa ku Mzimba, ali cha mu 2.7 koma topaz wabuluu yemwe amafanana naye zedi ali cha mu 3.5. Sodalite ndi wopepuka, cha mu 2.3, lapis lazuli amapitirira 2.7 komanso kawirikawiri amakhala ndi timadontho tonga golide ta pyrite. Ruby ali pa 4.0, galasi wamba cha mu 2.5, kutalikirana kwake koonekeratu.

Ruby ndi garnet ndiye sikelo payokha sithandiza kwenikweni, poti garnet wofiira amasewera kuyambira 3.7 mpaka kupitirira 4. Apa tengani maginito amphamvu aja a mu hadi disiki ya kompyuta yakufa. Ikani mwala mu kachitsekerero ka botolo la pulasitiki, kayandamitseni m'beseni la madzi, madzi akadekha sendezani maginito pafupi osakhudza. Garnet wofiira ali ndi chitsulo chambiri mkati mwake ndiye kachitsekerero kamalondola maginito mooneka, ruby sathamangira choncho.

Miyala ina imakhala yopaka utoto, monga howlite woyera amene amamunyika kuti azioneka ngati turquoise. Nyowetsani thonje ndi mankhwala ochotsera kyuteksi m'zikhadabo, pukutani pamalo pobisika, thonje likasintha mtundu mwadziwa. Yang'ananinso m'ming'alu, utoto umakonda kuunjikana mmenemo.

Kukanda kuzikhala komalizira, chonde. Inde muyeso wa Mohs wa mu 1812, woyeza kulimba kwa miyala poikanda, umagwira ntchito, mpeni ndi galasi zili cha mu 5.5, fluorite 4, quartz 7, topaz 8, ruby ndi sapphire 9, ndiye mpeni umakanda fluorite koma amethyst ayi. Koma mwala umene munthu waupolisha masabata angapo mu makina, kuupanga chipsera pamaso chifukwa chofuna kudziwa dzina, zimandiwawa ine. Ngati palibiretu njira ina kandani kunsi, kamzere kakang'ono, ndipo ngati mwala si wanu pemphani kaye mwini wake.

Ruby wopanga ku fakitale ndiye njira zonsezi sizingamugwire, kulemera ndi kulimba kwake n'chimodzimodzi ndi wokumba. Ngati pali ndalama zambiri zoti zituluke, musanalipire pitani nawo mwalawo kwa akatswiri a zida zoyezera, ngati a Geological Survey ku Zomba, akauone.