Momwe mungapemphere chilolezo chonyamuka kwa a tawala mukamauluka VFR

Izi ndikulembera anzanga amene mwangoyamba kumene kuphunzira kuyendetsa tindege ngati Cessna 172, makamaka inu amene mtima umagunda mukangogwira batani la wailesi. VFR ndi kuuluka moyang'ana panja ndi maso anu, ndiye choyamba ndi nyengo basi. Pa bwalo lomwe lili ndi tawala (nsanja ya owongolera ndege) ngati Chileka, lamulo la ICAO, bungwe loona za ndege pa dziko lonse, limati muzitha kuona mtunda wa makilomita 5 ndipo mitambo isatsike kupitirira mafiti 1,500 kuchokera pansi. Nthawi ya chiperoni mu June ndi July kapena utsi wa moto wa m'tchire mu October, pena mumapeza Michiru sakuoneka n'komwe, tsiku limenelo ingokhalani pansi. Special VFR, chilolezo chapadera chouluka nyengo isanafike pa malire amenewa, ilipo inde koma wophunzira asamaithamangire.

Flight plan, fomu yofotokoza ulendo wanu, perekani kudakali mphindi 60 kuti munyamuke. Mukachedwa nayo mudzadikira injini ikulira, avgas (mafuta a ndege) ndi wodula abale ndipo mita ya ndege ya lendi siyima ayi.

Mukayatsa wailesi yambani mwamvetsera kaye, musalowerere wina akulankhula. Kenako tchulani amene mukuwaitana, callsign yanu (dzina loitanira ndege yanu pa wailesi, zathu za ku Malawi kuno zimayamba ndi Seven Quebec), mtundu wa ndege, pomwe mwaima, komwe mukupita, mafiti omwe mukufuna kukwera ndi anthu omwe muli nawo. A tawala akupatsani runway (msewu wonyamukirapo ndege), QNH (nambala yoika pa chida choonetsa kutalika komwe muli) ndi njira yokafikira pa holding point (malo oimapo musanalowe pa runway). Lembani zonse papepala mubwereze momwe anenera. Apa headset ikhale yeniyeni, zotchipa zija amagulitsa m'magulupu a WhatsApp amvekere ndi orijino zimangochita phokoso injini ikakwera, ine ndinataya ndalama pa imodzi, bola kubwereka ya kusukulu.

Tsopano pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi apa. Departure clearance si chilolezo chonyamuka. Mukamva "after departure turn left, climb" mafiti akutiakuti, "squawk" nambala yakuti (yoika pa kachida kokuonetsani pa radar yawo), akungokuuzani zoti mukachite mukadzakhala m'mwamba, matayala asasunthe. Ine pa ulendo wanga wachiwiri ndili ndekha, pa bwalo lina laling'ono, ndinamva mawu amenewa, ndinabwereza bwinobwino, kenako n'kuchotsa phazi pa buleki. Mutu wanga unali utanyamuka kale. Mphuno ya ndege inatsala pang'ono kudutsa mizere yachikasu ya pa holding point pomwe ndinamva "hold position" (imani pomwepo), kucheukira kumanja ndi ndege ina ikutsika kudzatera, magetsi ali ngwee. Miyendo inanjenjemera mpaka madzulo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira thupi limachita tsembwe.

Aphunzitsi anga anandikhazika pansi n'kundifotokozera za Tenerife mu 1977, pomwe ma Boeing 747 awiri, ya KLM ndi ya Pan Am, anawombana pa runway muli chifunga, anthu 583 n'kufa. A KLM anali atangolandira malangizo a njira yawo ndipo anayamba kuthamanga asanaloledwe kunyamuka. N'chifukwa chake masiku ano liwu loti "take-off" limanenedwa pokhapokha akukupatsani chilolezocho kapena akuchichotsa. Inu mukakonzeka mumati "ready for departure". Akati "line up and wait" lowani pa runway muime pomwepo. Muyike pawa pokhapokha mwamva callsign yanu ndi "cleared for take-off", ndipo ngati mwakaikira ngakhale pang'ono nenani "say again", palibe angakukalipireni. Ine tsopano ndimajambula kabokosi papepala langa, sindichotsa phazi pa buleki mpaka nditachongamo kuti chilolezo ndachimva.

Squawk ikani mosamala musadutse pa 7500, 7600 kapena 7700, zimenezo ndi za pangozi.

Zotsalazo mukuzidziwa kale. Yang'anani mbali zonse musanalowe, nyamukani, khotani komwe anakuuzani, musapitirire mafiti omwe anakupatsani, mukamatuluka m'dera lawo auzeni ndipo musasinthe frequency asanakuloleni.