Kumezanitsa mango: pamene pagona nkhani ndi pansi pa khungwa

Alimi anzanga, chaka chilichonse ndimapeza zomwezi m'manazale. Munthu wamezanitsa mbande zambiri za mango, zagwira zochepa chabe, basi n'kuyamba kunena kuti ali ndi dzanja loipa. Dzanja lilibe mlandu. Nthawi zambiri amakhala kuti wamangirira timitengo tiwiri pamodzi koma mitsempha yake sinakumane.

Thyolani kanthambi ka mango, mukasende ndi chikhadabo. Pansi pa khungwa mupeza malo onyowa, oterera, obiriwira pang'ono. Kachigawo kameneka n'kopyapyala kuposa pepala, a sayansi amakatcha cambium, ndipo ndi kamene kamapanga mitsempha yatsopano ya mtengo. Chakumkati kwake kuli mitsempha yotchedwa xylem, yokweza madzi ndi mchere wa m'nthaka kuchoka ku mizu kukafika ku masamba. Kunja kwake, m'khungwa lamkati, muli ina yotchedwa phloem, yonyamula shuga wopangidwa m'masamba kupita naye ku mizu ndi ku zipatso. N'chifukwa chake mbuzi ikasenda khungwa kuzungulira tsinde lonse, mtengo umaonekabe wobiriwira kwa kanthawi chifukwa madzi akukwerabe, chonsecho mizu ikufa ndi njala.

Zomera zinayamba kukhala ndi mitsempha yotere zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, ndipo zoyambirira monga Cooksonia zinali zazifupi masentimita ochepa chabe. Ndere ya pakhoma lonyowa ilibe mitsempha imeneyi mpaka lero, ndiye sitalika. Chimanga, nthochi ndi nsungwi zili nayo, koma yomwazikana ngati timaulusi m'phesi monse, popanda mkombero wa cambium. Ichi n'chifukwa chake sitimezanitsa nthochi, koma mango, malalanje ndi mapeyala zimatheka.

Tsopano ku nazale. Sankhani mbande ya mango a makolo, monga boloma kapena kalisere, yonenepa ngati pensulo. Kanthambi komezera katengeni ku mtengo wathanzi umene mukuwadziwa mango ake, kaya Tommy Atkins, Kent kapena Keitt. Kadulirenitu masamba kakadali pa mtengo, mudikire masiku 7 mpaka 10 kuti maso ake afufume. Mukakadula, kakhale kotalika masentimita 10, ndipo musakagoneke padzuwa: kakulungeni m'nsalu yonyowa.

Mpeni ukhale wakuthwa zedi, wopukuta ndi spiriti. Mpeni wobuntha umaphwanya mitsempha m'malo moidula. Dulani mbande pa msinkhu wa masentimita 20 mpaka 30, mung'ambe pakati pa tsinde kutsika masentimita 3. Kanthambi kasongoleni mbali ziwiri ngati nkhwangwa, mbali iliyonse kudula kamodzi, ndipo pamene mwadulapo musagwirepo ndi zala.

Apa ndi pamene ndikupempha kuti mudekhe. Polowetsa kanthambi, musayang'ane pakati pa tsinde, yang'anani m'mphepete. Khungwa la kanthambi lifanane ndendende ndi khungwa la mbande. Ngati kanthambi n'kowonda kuposa tsinde, musakaike pakatikati kuti kaoneke bwino ayi. Kakankhireni mbali imodzi kuti kumeneko makungwa akumane. Mbali imodzi yokumana bwino imakwanira. Kanthambi koima pakati, kosakhudza cambium mbali iliyonse, kamauma ngakhale mutamanga mwaluso chotani.

Mangani ndi kansalu ka pulasitiki kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti madzi asalowe pabala, muvindikire kanthambi ndi kajumbo koyera, muike mbande pamthunzi. Thirirani m'chubu, osati pamwamba. Ntchitoyi imayenda bwino nyengo yofunda, monga Seputembala ndi Okutobala. M'Juni ndi Julayi bala limachedwa kupola.

Pakatha masabata 3 kapena 4 maso amayamba kuphuka, ndipo kajumbo kachotsedwe. Mphukira zonse zotuluka m'munsi mwa bala muzizibudula zikangooneka, chifukwa zimalanda madzi a kanthambi. Pulasitiki yomangira musaiwale. Ndaonapo mbande zabwinobwino zitatupa pamwamba pa chomangira, pansi pake patawonda, chifukwa shuga wochoka m'masamba wasowa podutsa. Bala likapola, pakatha miyezi iwiri kapena itatu, imasuleni.

Mtengo womezanitsa umayamba kubereka pa zaka 3 kapena 4. Ukachita maluwa m'chaka choyamba kapena chachiwiri, achotseni kuti tsinde ndi mizu ziyambe zakhwima.