Momwe mungakonzekeretsere galimoto ya 4x4 musanalowe njira za kutchire

Galimoto yokoka ndi matayala onse anayi imatha kudutsa m'matope, mumchenga ndi m'miyala, koma zimene zimaiimitsa kutchire kawirikawiri ndi tinthu tating'ono timene tikanaoneka ikadali pakhomo, monga paipi ya madzi yofooka, batire logwedera kapena jeke yosagwira ntchito. Choncho yambani kukonzekera kudakali sabata imodzi kapena ziwiri, kuti pakapezeka chofunika kusintha, makaniko akhale ndi nthawi yokwanira.

Choyamba, tsegulani boneti injini ili yozizira ndipo muone mlingo wa oyilo, madzi a mu radiyeta ndi mafuta a mabuleki. Finyani mapaipi a madzi ndi dzanja. Paipi imene yauma gwa kapena yafewa kwambiri yatsala pang'ono kuphulika. Lamba wa injini amene wayamba ming'alu musintheni, ndipo wakaleyo mumusunge m'galimoto momwemo. Gwedezani batire kuti mutsimikize kuti lamangidwa zolimba, kenako muone sefa ya mpweya, chifukwa fumbi limaitseka msanga.

Mukatero lowani pansi pa galimoto ndi tochi, mufufuze pamene pakudontha oyilo, mabawuti omasuka, mashoko ochucha ndi malabala ong'ambika pa mashafti akutsogolo. Oyilo wa mu giyabokosi, mu transfer case (bokosi logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo) ndi m'madifu onse awiri (magiya ogawira mphamvu pakati pa tayala lakumanzere ndi lakumanja) ayenera kuonedwa, ndipo akamaoneka ngati wasakanikirana ndi mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi ndipo ayenera kusinthidwa. Madziwo amalowa chonchi: difu yotentha ikamira mwadzidzidzi m'madzi ozizira, mpweya wa mkati mwake umakhwinyata, ndipo imayamwa madzi kudzera pa kabowo kopumira. N'chifukwa chake amene amawoloka mitsinje pafupipafupi amalumikiza kapaipi pa kabowoko n'kukakweza m'mwamba.

Chachitatu, yesani magiya okoketsa matayala onse anayi, a 4H (othamanga) ndi 4L (oyenda pang'onopang'ono koma amphamvu), pamalo a dothi, makamaka ngati patha miyezi musanawagwiritse ntchito, popeza ena amakana kulowa tsiku lomwe afunika. Galimoto zina zakale, monga Land Cruiser ndi Hilux, zili ndi zokhomera pakati pa matayala akutsogolo zimene zimapotokoledwa ndi dzanja, ndipo mukaziiwala galimoto imangokoka ndi akumbuyo okha ngakhale giya italowa. Ngati galimoto yanu ndi ya mtundu wochita kulowetsa 4x4 pakafunika, musaiyese pamsewu wa phula wouma, chifukwa matayala sapeza potererera pokhota ndipo mphamvuyo imapanikiza magiya mpaka kuwawononga.

Matayala ndiwo ofunika kuwataira nthawi yambiri. Onani mapazi ake komanso m'mbali mwake, pamene miyala ndi ziputu zimakonda kucheka. Zaka za tayala zimalembedwa m'mbali momwemo: manambala anayi omaliza pambuyo pa zilembo za DOT amasonyeza sabata ndi chaka, moti 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala lokalamba limang'aluka ngakhale mapazi ake akuoneka atsopano, ndipo lapadera, limene ambiri sitilikumbukira mpaka litafunika, liyenera kuonedwa chimodzimodzi. Mumchenga wofewa oyendetsa ambiri amatsitsa mpweya kufika pakati pa 1.0 ndi 1.4 bar pa choyezera mpweya kuti tayala liponde malo aakulu m'malo mokumba, koma likatero muyenera kuyenda pang'onopang'ono osakhota mwadzidzidzi, chifukwa likhoza kuvuka pa rimu. Musatsitse mpweya ngati mulibe pampu ndi choyezera, popeza tayala lopanda mpweya wokwanira limatentha n'kuphulika mukabwerera pamsewu wothamanga. Tengani jeke, sipanala yomasulira matayala, zomatira pankchala ndi thabwa lochindikala loika pansi pa jeke kuti isamire m'dothi.

Pa zida zodzipulumutsira mukatitimira, fosholo ndi chingwe chokokera cholembedwa kulemera kumene chingapirire n'zosasiya. Musananyamuke, pezani malo okolekapo chingwe amene amangidwa ku chasisi kutsogolo ndi kumbuyo. Chingwe chisakolekedwe pa kampira kachitsulo kokokera ngolo, chifukwa kakhoza kuthyoka n'kuuluka ngati chipolopolo, ndipo anthu afapo mwanjira imeneyi. Pa chifukwa chomwechi, pokoka aliyense aime patali ndi chingwe.

Pomaliza ndi kupakira. Katundu wolemera akhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo, atamangidwa bwino. Padenga pakhale zopepuka zokha, chifukwa kulemera kwa pamwamba kumagubuduza galimoto pamalo opendekeka. Werengerani kulemera konse: lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, chigubu cha malita 20 a dizilo chimaposa makilogalamu 16, ndipo malire a zimene galimoto inganyamule alembedwa m'buku lake. Mafuta amatha msanga mumchenga ndi mu 4L, choncho tengani oposa amene mumagwiritsa ntchito pa mtunda womwewo pamsewu wabwino. Onjezani madzi akumwa okwanira masiku oposa a ulendowo, bokosi la chithandizo choyamba, chozimitsira moto ndi mafyuzi apadera, ndipo muuze munthu wodalirika njira imene mudzere ndi tsiku limene mukuyembekezera kubwerako, popeza kumalo ambiri otere foni siigwira.