Wotchi ya ku Vienna imene inkangoda

M'shopu ya zinthu zamakedzana kumene ndimagwira ntchito ku London muli wotchi ya siliva ya m'ma 1880, yosulidwa motengera luso la nthawi ya Renaissance, la ku Ulaya m'zaka za m'ma 1400 ndi 1500. Kumsana kwake kuli kachidindo ka mutu wa Diana, mulungu wamkazi wa Aroma, ndi chilembo A, kusonyeza kuti ndi ya ku Vienna, m'dziko la Austria. Ndinkati ndikaipukuta, pakangopita milungu ingapo yada bii.

Mnzanga anati ndiiviike m'madzi otentha a soda. Ndinakana. Zithunzi zokongola zili pamwambazo ndi enamel, galasi losungunulira pachitsulo, ndipo likatenthedwa mwadzidzidzi limang'aluka.

Ndinachotsa kaye makina am'kati. Kenako ndinasakaniza ufa wosalala wa choko ndi timadontho ta madzi, n'kumapukuta ndi kathonje, malo ochepa ochepa, osakhudza enamel. M'timizere tozokota ndinasiyamo kuda pang'ono, apo ayi maluwa ozokotedwawo saonekanso.

Koma gwero la vuto linali nsalu yaubweya imene tinayala m'kabati mokhala wotchiyo. Ubweya umatulutsa mpweya wa sulphur, ndipo ndi umene umadetsa siliva. Ndinaichotsa n'kuyalamo yathonje. Yatha miyezi inayi tsopano wotchiyo ikungonyezimira, ndipo ndimaigwira nditavala magolovesi basi.