Kumuyambitsa mnzako nyimbo za electronic

Wafunsa kuti umuyambitse bwanji mnzako amene amati nyimbo za electronic, zopangidwa ndi makompyuta ndi makina, ndi phokoso chabe.

Yambira pa zimene amamva kale m'maminibasi a ku Matero ndi Kabwata mu Lusaka: amapiano a ku South Africa. Kenako mupatse Afro house. Black Coffee, DJ wa Afro house wa ku South Africa amene anapambana mphoto ya Grammy mu 2022, ndi poyambira pabwino, chifukwa kugunda kwake sikuthamanga, pafupifupi 120 pa mphindi.

Akazolowera, mutengere kugwero: house ya ku Chicago ndi techno ya ku Detroit, za m'ma 1980. Drum and bass, yomwe kugunda kwake kumafika 170 pa mphindi, idikire kaye.

Koma chonde, asamvetsere pa sipika ya foni, bass imatayika yonse. Avale mahedifoni, amve mix yathunthu ya DJ osadumphadumpha, pakuti kukoma kwenikweni kuli pamene nyimbo ina ikulowa mu inzake.