Momwe mungayendere wapansi m'mbali mwa mitsinje ya Zomba n'kuona matchalitchi akale osakwera phiri lonse

Anthu ambiri akamva zoyenda wapansi ku Zomba kuno maganizo amathamangira ku Ku Chawe, kuti basi ukwere mpaka pamwamba, ukaime pa Emperor's View pomwe anaima Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia, mu 1965, ujambulitse kenako utsike miyendo ikunjenjemera. Ndi zabwino ndithu koma si aliyense angathe, ena timayenda ndi makolo achikulire, ena ndi ana ang'onoang'ono, ena mawondo anayamba kale kuvuta. Ulendo womwe ndikufotokoza pano ndi wam'munsi, wotsata madzi, Mulunguzi m'tawuni muno kenako Domasi. Amishoni akale aja sankamanga paliponse ayi, ankafuna pomwe pali madzi osaphwa chaka chonse, oumbira njerwa, akumwa komanso othirira dimba, ndiye ukamatsata mtsinje matchalitchi awo umangowapeza m'njira.

Choyamba sankhani tsiku bwino. Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kunja kuli kozizira, udzu wayamba kuuma ndipo tinjira tikuoneka, kungoti chiperoni chimatha kubwera mosayembekezereka ndiye juzi kapena jekete isatsale. Okutobala dzuwa limaswa mtengo, ngati mwasankha mwezi umenewo nyamukani 6 koloko isanakwane. Nthawi ya dzinja ine sindilimbikitsa, mitsinje yochokera kuphiri kuno imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pomwe muli inu sipanagwe dontho, ndipo tonse tikukumbukira zomwe namondwe Freddy anachita mu Malichi 2023. Lamulungu si tsiku loyendera matchalitchi ndi kamera, anthu akupemphera, ngati mwapita tsiku limenelo lowani mukhale pansi mupemphere nawo. Loweruka m'mawa ndiye bola chifukwa m'malo ambiri mumapeza amayi akusesa ndi kukolopa, kwaya ikuphunzira nyimbo, zitseko zili zotsegula kale. Kungoti Loweruka ndi la maukwatinso, mukafika mochedwa mupeza galimoto za maluwa zadzaza pabwalo.

Zonyamula sizambiri. Simukufunika majombo okwerera mapiri, nsapato iliyonse yophwatalala yomwe munaizolowera kale ikwana. Ngati mukukagula pa kaunjika mumsika waukulu, ipindeni kaye pakati muone ngati soli yake sikuyasama, pali anyamata ena amamata ndi guluu m'mawa omwewo n'kupolisha bwinobwino, nsapato kuoneka yatsopano koma ikaponda madzi kamodzi basi yatha. Ndipo mtengo woyamba omwe akutchulirani si mtengo, nenererani. Botolo la madzi tungirani kunyumba, tengani nthochi, mtedza kapena chinangwa chophika, chitenje kwa amayi, ndi ndalama zing'onozing'ono zapamanja chifukwa wakabaza wakumudzi ukamupatsa 5,000 kwacha yathunthu amayamba kuzungulira kufuna chenje, ndipo Mpamba kapena Airtel Money netiweki yake m'zigwa umu imabwera n'kumapita.

Yambirani ku Botanical Gardens. Apa ndi pomwe Mulunguzi amatsikira kuchokera kuphiri, madzi oyera ozizira akudumpha m'miyala, mitengo italiitali, timilatho ting'onoting'ono, ndipo njira zake agogo atha kuyenda bwinobwino akumapuma pa benchi. Pageti mumalipira kangachepe, pemphani lisiti. Anyani alipo ambiri ndipo saopa munthu, jumbo ya chakudya ikhale m'chikwama chotseka osati m'manja mwa mwana. Musasambe kapena kuchapa, mtsinje womwewu kumtunda kwake ndi komwe kuli damu lomwe limamwetsa tawuni yonse, tiyeni tiziulemekeza. Mukatuluka yang'anani nyumba zakale zozungulira malowa. Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975 pomwe boma linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitiriza kukumana konkuno mpaka 1994. Chakumtunda pang'ono kuli Masongola, nyumba yomwe John Buchanan anamanga cha mu 1886 kuti muzikhala nthumwi ya boma la Britain, ndipo Buchanan yemweyo anabwera m'dziko muno ngati wantchito wa mishoni ya Church of Scotland, mishoni yomwe inakhazikika ku Blantyre mu 1876. Ndiye mukuona kuti za boma ndi za tchalitchi kuno zinayambira pa mtsinje umodzi womwewu.

Kuchoka pamenepo matchalitchi a m'tawuni ndi oyenda wapansi, musalole wa njinga yamoto akunamizeni kuti ndi kutali. Pali Zomba CCAP, ya njerwa zootcha, yomwe mizu yake ndi ya a Scotland aja, dzina loti CCAP linabwera pambuyo mu 1924 pomwe a mishoni ya Blantyre ndi a Livingstonia anagwirizana kukhala mpingo umodzi. Pali St George's ya Anglican, yaing'ono koma yokongola, komwe azungu ambiri aboma ankapemphera nthawi ya atsamunda. Cathedral ya Akatolika ya Mtima Woyera ili mbali yotulukira ku Blantyre, imeneyo ngati muli ndi achikulire mutha kukwera kabaza, ndi likulu la dayosizi ya Zomba yomwe inakhala dayosizi payokha mu 1959, ntchito yomwe anayambitsa ansembe a Montfort amene anafika m'dziko muno mu 1901 ku Nzama. Mukalowa m'matchalitchi amenewa osangoyang'ana kuguwa kokha, werengani timapuleti tomwe tili m'makoma, yang'anani denga ndi mitanda ya matabwa yogwira denga, mazenera, mabenchi omwe anasalala ndi kukhalidwa.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse, nkhani ya makiyi, chifukwa ulendo wonse umatha kuonongekera pomwepa. Tchalitchi si sitolo yoti imatsegulidwa 8 koloko n'kutsekedwa 5, pakati pa sabata ambiri amakhala okhoma, ndipo mpake chifukwa akuba zokuzira mawu ndi mipando achuluka. Zinandichitikira pa tchalitchi china, dzina sinditchula poti mpingowo sunalakwe chilichonse. Ndinali ndi alendo awiri achikulire ochokera ku Lilongwe, tafika tapeza chitseko chokhoma, pabwalo pali zii. Posakhalitsa kunatulukira mnyamata wovala bwino, shati yopisira, kafayilo m'manja, kutipatsa moni mwaulemu kwambiri. Akuti "Bwana mwabwera kudzaona tchalitchi eti? Ine ndi amene ndimaonetsa alendo pano, kungoti makiyi ali kwa akulu ampingo kutsidya uko, mundipatse ya kabaza ndikatenge msanga, komanso pamakhala kandalama kolowera pa munthu aliyense." Anayankhula ngati munthu wodziwa malo, mpaka kutiuza chaka chomwe akuti tchalitchicho chinamangidwa. Tinamupatsa. Tinakhala pansi pa mtengo dzuwa n'kukwera, alendo anga kutopa, madzi kutha, munthu osabwera.

Amene anatipulumutsa ndi mayi ena omwe ankachokera kudimba khasu lili paphewa. "Mukudikira ndani bambo?" Titafotokoza anangogwira pakamwa, "Iii pepani, ameneyotu si wapano, makiyi ali nyumba iyo yamalata, tiyeni ndikuperekezeni." Nyumba yake inali pafupi moti tinkaiona tili pomwe tinakhala paja. Mkulu wampingo anatuluka, tinapatsana moni bwinobwino, anatikhazika pampando kaye kufunsa komwe tachokera, ndipo atamva za mnyamata uja nkhope inagwa. Anati "Bambo, nyumba ya Mulungu sitilipiritsa, mukafuna kusiya kanthu mbale ya chopereka ilipo mkatimo." Kenako anatitsegulira, natizungulitsa pafupifupi ola lathunthu, kutionetsa belu, manda akale kuseri, ndi pomwe anawonjezera khoma mpingo utakula, zinthu zoti patokha sitikanaziona.

Ndiye chitani chonchi. Mukafika pa tchalitchi chokhoma musapereke ndalama kwa munthu wokupezani pabwalo, kaya wavala bwanji. Funsani komwe kuli ofesi, kapena nyumba ya abusa ngati ndi ku CCAP, kwa bambo mfumu kapena akatekisiti ngati ndi kwa Akatolika, kwa ansembe ngati ndi ku Anglican. Funsani amayi ogulitsa zitumbuwa kapena ana asukulu, amenewo sanama ndipo amadziwa khomo lililonse. Mukafika pakhomopo odi kaye, chipewa chivulidwe, moni wonse uthe musanatchule chomwe mwabwerera, osangofikira "tikufuna makiyi" ngati mwabwera kudzatenga ngongole. Nenani dzina lanu, komwe mwachokera, mpingo wanu ngati muli nawo, ngakhale muli achisilamu kapena simupemphera palibe amene angakubwezeni mukabwera mwaulemu. Pemphani chilolezo musanajambule, makamaka kumanda, kumeneko osalowa nokha. Chopereka chisiyeni m'mbale kapena ku ofesi anthu akuona, ndipo amene wasiya ntchito yake kuti akuonetseni mutha kumuthokoza padera ndi ya sopo, imeneyo ndi nkhani ina. Njira yachidule kwambiri ndi iyi, ngati mumpingo mwanu muli munthu wodziwana ndi wina wakumeneko, aimbe foni dzulo lake, mukafika mupeza chitseko chili chotsegula mwinanso tiyi ali pamoto.

Mukamaliza za m'tawuni idyani kaye, kenako pitani ku depoti mukwere minibasi kapena tigalimoto tolowera ku Liwonde pa msewu wa M3, kudutsa Chinamwali. Mtengo funsani musanakwere komanso mvetserani zomwe anzanu akulipira, masiku ano mafuta akangosowa mitengo imasintha m'mawa ndi madzulo. Uzani kondakitala momveka kuti mukupita ku Domasi Mission, chifukwa mukangoti Domasi ambiri amaganiza za ku koleji ya aphunzitsi. Mishoni siili pa msewu waukulu, ili mkati cha kuphiri, ndiye mukatsika mutenge kabaza kapena muyende ngati mphamvu zilipo. Ine ndimakonda kukwera kabaza popita n'kuyenda pobwerera poti kumakhala kotsetsereka.

Chigwa cha Domasi kwa ine ndi malo okongola kuposa ena onse pa ulendowu, phiri la Zomba mbali iyi, la Malosa mbali inayo, mtsinje ukutsika pakati, madimba a masamba, nthochi ndi nzimbe m'mbali. Mishoniyi anaitsegula ndi Alexander Hetherwick mu 1884 m'dera la mfumu Malemia, pakati pa Ayao, ndipo munthu ameneyu anaphunzira Chiyao mpaka kulemba mabuku a chiyankhulocho asanapite kukatsogolera mishoni ya Blantyre. Mpaka lero dera limeneli Asilamu ndi Akhristu amakhala khomo ndi khomo, mudutsa mizikiti m'njira, ndiye kavalidwe kakhale kaulemu ndipo mukapatsa moni wa "ajimwiche uli" kwa agogo m'mawa muona momwe asangalalire. Tinjira ta m'mbali mwa mtsinje timadutsa m'minda ya eni, musathyole nzimbe kapena mango, gulani, ndi zotchipa kuposa m'tawuni. Powoloka gwiritsani ntchito pomwe eni mudzi amawolokera, miyala yobiriwira ija ndi yoterera. Kumunsi komwe madzi amayenda pang'onopang'ono ana asasewere m'madzi, likodzo lilipo. Domasi ndi Likangala, yemwe amalandira madzi a Mulunguzi, onse amakathera mu nyanja ya Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukira yomwe inaphwa mu 1995, ndiye mukaona anthu akudula mitengo m'mphepete mwa mitsinje imeneyi dziwani kuti asodzi a ku Kachulu nawo zimawakhudza.

Nthawi ikakhalapo bwererani pa M3 mupitirire pang'ono mpaka ku Malosa, kumene kuli likulu la dayosizi ya Upper Shire ya Anglican, chipatala cha St Luke's, sekondale ya Malosa ndi Chilema, malo a maphunziro a mipingo. Malo onsewa ali moyandikana m'tsinde mwa phiri, mumangoyenda pansi pa mitengo. Za makiyi ndi zomwe zija.

Magomero musaiphatikize tsiku lomwelo, simungakwanitse, ili mbali ya ku Blantyre, mumatsikira pa Namadzi. Kumeneko ndi komwe Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a UMCA, bungwe la amishoni a Anglican, anamanga mishoni yoyamba m'dziko muno mu 1861 atabwera ndi David Livingstone, pa malo pomwe mtsinje wa Namadzi umakhota. Sanakhalitse, Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862 kufupi ndi pomwe Ruo amakumana ndi Shire, otsala anasamukira kwa Chibisa ku Chikwawa. Dera lomweli ndi lomwe anthu a John Chilembwe anaukira esiteti ya Bruce mu Januwale 1915. Pitani ndi munthu wakonko ndipo yambirani kwa amfumu.

Pobwerera onetsetsani kuti 4 koloko ikukupezani muli pa msewu waukulu, m'miyezi yozizira kumada msanga ndipo kukayamba mdima akabaza amakweza mtengo kawiri. Mukakumana ndi anyamata ogulitsa masitiroberi ndi mabulosi otsika nawo kuphiri, auzeni akhuthulire mu jumbo inu mukuona, pamwamba amaika zikuluzikulu zofiira koma pansi pa kadengu nthawi zina pamakhala zophwanyika za dzana.