Kuchepetsa ndi kukonzanso ma bunker pa bwalo la gofu kuno ku Mangochi

Anthu amaona ngati kuno mchenga si nkhani, nyanja ili pomwepa, kungopita ndi ngolo basi. Koma amene anagwirako reki mu bunker, dzenje la mchenga la pa bwalo la gofu, mvula ya mu Januwale itangodutsa akudziwa, mchenga wonse wa mmbali umakokoloka nkukaunjikana pansi pamodzi ndi matope, anyamata mmawa onse kalikiliki ndi mafosholo kuubwezera mmwamba, madzulo mvula ina. Nde ngati ma bunker achuluka kuposa manja owasamalira, ena akwiriridwe ndithu.

Poyamba musakumbe kanthu. Yendani bwalo lonse mvula itangokata, mutengane ndi makadi (onyamulira osewera zikwama za ndodo) awiri atatu, iwowa ndi amene amadziwa komwe mipira imagwera, osati abwana a mu komiti. Bunker yomwe madzi amagonamo mpaka mawa lake, kapena ija ili kuseri kwa mlambe yomwe simugwera mpira chaka chonse, ikhomeni chikhomo kuti ikwiriridwe. Musaope kuti bwalo lichepa ulemu, Augusta National ya ku America komwe kumachitikira mpikisano waukulu wa Masters kuli ma bunker 44 okha pa mahole 18. Wina akuuzani kuti nanga Old Course ya ku St Andrews ku Scotland ili ndi 112 bwanji, eya, koma kuja nthaka yake ndi mchenga wokhawokha, madzi amangolowa pansi.

Ntchito yokumba ichitike Ogasiti mpaka Okutobala kukadali gwaa, kungoti muzilawirira chifukwa dzuwa la kuno mukulidziwa. Pokwirira, yambani mwachotsa mchenga wakale wonse. Dothi muzithira pang'onopang'ono, masentimita 15 nkutsendera, ena 15 nkutsenderanso, mukangokhuthula mawilibala kamodzinkamodzi mvula yoyamba pamatitimira ngati manda akale. Musadzazitse mpaka kusalala, siyani kachidikha, mvula ikayamba mudzalepo kapinga. Mpira ukatsikira mmenemo wosewera amavutikabe, koma inu mumangodutsapo ndi mashini otchetchera.

Otsalawo ndi omwe amafuna mutu. Achepetseni kukula, ndipo mbali zotsetsereka kwambiri zija mudzalemo udzu, mchenga ukhale pansi pokha pomwe sungakokoloke. Mbali ya kumtunda mukweze kamlomo ka dothi kuti madzi ochokera pa green, pa udzu wosalala pomwe pali hole, azilambalala mmalo mothira mkati. Pansi mukumbe kangalande, muyikemo paipi yoboolaboola ya mamilimita 100, muikute ndi timiyala ta kwale tating'ono, izitsika sentimita imodzi pa mita iliyonse. Ndipo onetsetsani komwe paipiyo ikukatulukira, ine ndinaonapo ina yoyikidwa bwinobwino koma kumapeto kwake kunali kotseka ndi chulu cha chiswe, bunker nkusanduka dziwe la achule.

Pa mchenga mpomwe ambiri amaphonya. Wosalala kwambiri ngati ufa uja Mwera ikayamba mu Juni umauluzikira pa green, nkumabunthitsa mipeni ya mashini. Wa timibulu tobulungira nawo sugwirana, mpira ukagwa umamira theka, chija osewera amati dzira lokazinga. Funani wokhakhala pang'ono, wa timibulu ta pakati pa milimita 0.25 ndi milimita imodzi, muusefe kuchotsa tizigoba ta nkhono ndi timiyala. Musanaitanitse lole yonse tengani wilibala imodzi, muuyale, muunyowetse, ukauma muponyepo mpira kuchokera mmwamba muone ngati ukumira. Kuya kwake masentimita 10 pansi, mmbali 5 akwana, muziyeza ndi kamtengo koika chizindikiro chifukwa maso amanama. Komanso osamangokumba pagombe ngati kumunda kwa agogo anu, funsani kaye kukhonsolo komwe nkololedwa.

Mukathira, thirirani madzi ndi kutsendera masabata angapo musanalole anthu kuseweramo, mchenga watsopano umakhala wofewa, phazi limalowa mpaka mu kakolo.